Utuchi M'bokosi la Magiya

Ogasiti, chaka cha chilala chachikulu

Phokosolo ndinayamba kulimva ndi matako, osati ndi makutu. Musaseke ana anga, ndi mmene zinalili. Ndinali nditakhala pachitsulo kumbuyo kwa pikiapu ya kampani, imene kuno timati bhaki, miyendo nditatambasula pakati pa mgolo wa dizilo ndi thumba la ufa, Tamara ali pamiyendo, iwe Lusiya utatsamira phewa langa. Tinali titasiya msewu wa tala kuseri kwa Nyamandlovu n'kulowa mumchenga uja umene umameza tayala mpaka pakati. A Dube, dalaivala wathu, anaimika galimoto monga mwa masiku onse, kutsika, kupotokola timakiyi ta pamatayala akutsogolo, kubwerera, n'kukoka kandodo kakafupi ka magiya kuti matayala onse anayi azikoka pamodzi. Iwo ankati kuika fowilo. Titangonyamuka ndinamva pansi panga kuti gu! kenako ngrrr, ngati wina wathira miyala m'chigayo, ndipo chitsulo chimene ndinakhalira chinayamba kunjenjemera mpaka ndinachimva m'mano. Pokhota paliponse, gu! Ndinayang'ana amuna awiri amene tinali nawo kumbuyoko, koma iwo anali atakhala pamwamba pa matumba a simenti, akukangana za mpira. Kutsogolo wailesi inali italusa. Ndinamenya denga ndi chikhatho.

"Yini, MaPhiri?" anafuula a Dube m'Chindebele, kufunsa chimene chavuta, atatulutsa mutu pawindo.

"Galimoto ikulira pansi!"

"Nawenso ungalire atakusenzetsa migolo iwiri ya dizilo. Khala pansi, gwira ana."

Ndinakhala pansi, ndinagwira ana. Tinafika pakampu bwinobwino, ndinaphika, anthu anadya. Koma pobwerera Lachinayi ndinatchera thupi lonse. Mumchenga monse, gu, ngrrr, gu. Titafika patala a Dube anatsika, kumasula timakiyi tija, kukankha kandodo, ndipo phokoso linati zii, ngati silinayambe lakhalapo. Pamenepo ndinadziwa kuti si katundu. Katundu anali yemweyo patala ndi pamchenga.

Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, ku Kelvin

Ndiyambe ndafotokoza mmene ndinapezekera kumbuyo kwa bhaki ndi ana awiri, chifukwa mpaka lero alipo ena kumpingo amene amati ndinali mayi wosasamala. Bambo wanu anapita ku Joni Tamara ali m'mimba. Analemba makalata awiri, yachitatu tikuidikirabe. Ine sukulu ndinalekezera Giredi 7, ndipo chitupa changa chinali ndi chilembo chija chonena kuti ndine mlendo, chikhalirecho mchombo wanga unagwera ku Iminyela komwe kuno, mu Bulawayo muno, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene agogo anu anapatsidwa akugwira ntchito ya njanji. Kulikonse kumene ndinkapempha ntchito, akangoona chilembocho ankandibwezera chitupa ndi zala ziwiri ngati chagwera m'chimbudzi. Amene anandipezera malo ndi a Banda, makaniko wamkulu pa kampani ina ya ku Kelvin, kudera la mafakitale, yokumba mijigo, zibhorani monga amanenera kuno. Anali mkulu wa mpingo wathu, munthu wobadwira ku Ntcheu, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ndi iwo okha pakampani ponse amene ankanditchula Naphiri, dzina limene ndinali nditasiya kulimva chimwalirireni amayi. Ndinkawalemekeza ngati bambo wondibala. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti mkwiyo umene ukubwerawu sunagwere pa mlendo.

Ntchito yanga yoyamba inali kusesa, kutsuka makapu, kuphika tiyi wa teni koloko, ndi kuwaza utuchi pansi pomwe pagwera oyilo kuti anthu asaterereke. Utuchiwo ndinkakatenga pa wilibala kwa akalipentala a mpanda wachiwiri. Ndinkanyamuka ku Iminyela wapansi dzuwa lisanatuluke, inu mutatsala ndi azakhali anga, ndipo geti ndinkalipeza lisanatsegulidwe. Mwini kampani sitinamuonepo, ankakhala kunja kwa dziko. Amene ankatilamulira anali manijala wake. Dzina lake lenileni sindilemba, sindikufuna likhale m'buku limodzi ndi maina anu. Ife tinkati Mashesha, chifukwa mawu ake oyamba m'mawa ndi omaliza madzulo anali shesha, shesha, ndiye kuti fulumira. Chindebele ankachidziwa bwino, koma kwa madala ngati a Banda ankalankhula Chilapalapa cha kumigodi, chilankhulo chopanda chonde, chongolamula basi.

Chilala chitafika mipope ya mu Bulawayo inayamba kutulutsa mphepo, ufa m'masitolo unasanduka wachikasu, ndipo aliyense ankafuna mjigo, masukulu, zipatala, alimi. Magalimoto athu sankazizira. Masipeya nawo kunalibe, ankati amachokera kunja ndipo amatenga miyezi. Ndinaona ndi maso anga a Banda akusoka lamba wa fani ndi waya, akudula gasiketi pa katoni ya sopo, akuchotsa mabawuti pa galimoto yakufa kuti adzutse ina. Nthawi yomweyo wophikira anyamata kutchire anadwala n'kusiya ntchito, ndipo Mashesha anangondiloza ndi kiyi wa galimoto. "Wena, Lolemba ukupita kukampu. Ukakana, geti ndi ilo." Mwezi womwewo azakhali anali atapita kumaliro ku Dedza, anadwalira komweko, sanabwererenso. Ndinamuuza Mashesha kuti ndilibe wosiyira ana. Iye anati, "Ana ako ndi katundu wako. Ine sindikuwaona." Basi, munakhala katundu. Munkakwera pamodzi ndi mapoto, dizilo, simenti ndi zitsulo zazitali zoboolera pansi, zija zoti chimodzi chimanyamulidwa ndi amuna awiri.

Seputembala

Ndinadikira maulendo asanu ndisanatsegule pakamwa, chifukwa ndinkaopa. Maulendo onse asanu zinali chimodzimodzi, ndipo phokoso linkakula. Lachisanu lina tili ku Kelvin ndinamupeza Mashesha ataima pakhomo la ofesi, ndinapinda mawondo pang'ono, ndinati, "Bwana, bhaki ikaikidwa fowilo ikumalira pansi. Ikachotsedwa imaleka." Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi, kenako anaomba m'manja kuitana onse a m'galaja.

"Bwerani mudzaone, tapeza injiniya! MaPhiri, satifiketi unaitenga kuti, mumphika wa nyemba?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Amuna omwe aja ndinkawaphikira, omwe ndinkawasungira mkute akachedwa kumjigo.

"Galimoto iyi ndi yaikulu kuposa iwe," anatero Mashesha. "Nkhalamba iliyonse imabuula. Hamba, choka, tiyi wachedwa."

Kuchokera tsiku limenelo dzina langa linali Injiniya. Injiniya, mchere wachepa. Injiniya, tamvera m'mimba mwangamu, mukulira fowilo.

Masana a tsiku lomwelo, anthu atapita kukadya, a Banda anandikodola. Bhaki inali itaimikidwa pamwamba pa dzenje lija amalowamo amakaniko. "Naphiri, tatsika. Sunaname." Ndinatsika masitepe ndi Tamara kumsana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mimba ya galimoto imene ndinkakhalira. Anandionetsa bokosi lachitsulo lalikulu ngati chidebe, lili kumbuyo kwa bokosi lalikulu la magiya, mitanda iwiri ikutulukamo, wina kupita kumatayala akutsogolo, wina akumbuyo. Anati bokosi limeneli ndilo limagawa mphamvu ukaika fowilo.

"Tsopano taona matayala," anatero. "Akutsogolowa tinachotsa pa galimoto ina yakufa, ndi aakulu pang'ono kuposa akumbuyo. Ukamanga mwendo wa munthu wamtali ndi wa munthu wamfupi n'kuwauza kuti thamangani, amavutika ndani?"

"Wamfupi."

"Ayi. Chingwe. Bokosi ili ndiye chingwecho. Mano ake akudyana."

"Nanga akatha?"

"Mwina lingosweka, galimoto iime, tikankhe. Mwina limangika."

"Kumangika ndiye kuti chiyani, abambo?"

Anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali, manja oti anali atapukuta kale. "Matayala onse anayi amaima nthawi imodzi, ngati wagunda khoma. A kutsogolo ali ndi pogwira. A kumbuyo..." Anangoyang'ana m'mwamba, kumene kunali migolo ndi zitsulo zija. "Ndamuuza Mashesha. Sipeya yaitanitsidwa. Bola likulira, Naphiri. Likamalira timadziwa pamene lafika."

Kuyambira pamenepo ndinkafika msanga Lolemba lililonse n'kumanga migolo ndi chingwe changa choyanikira zovala, anthu akundiseka. Tamara ndinkamubereka ndi nsalu ziwiri. Ndinawapempha a Dube kuti Lusiya yekha azikhala kutsogolo, anati mpando wakutsogolo ndi wa mabwana, mwana angasanzirepo. Ndiye ndinkangokhala pachitsulo paja n'kumamvera, n'kumati lero lalira ngati sabata yatha, lero lawonjezera, ngati mayi amene akumvera chifuwa cha mwana.

Okutobala, Lachisanu lina

Kunamveka kuti kukubwera anthu a bungwe lina lothandiza masukulu. Ankafuna mijigo kudera la Tsholotsho, koma asanatipatse ntchito ankafuna kuona ngati magalimoto athu angapirire mchenga wa kumeneko. M'mawa Mashesha anandiitana, ndipo anandiitana ndi dzina labwino, chimene chinandidabwitsa. "MaPhiri, katenge utuchi. Koma lero uusefe. Ndikufuna wosalala ngati ufa." Ndinafunsa kuti ndisefe ndi chiyani, anati sefa yako ya kukhitchini ilibe mabowo kodi? Ndinapita kwa akalipentala, ndinabwera ndi wilibala, ndinakhala kuseri kwa galaja n'kusefa beseni lathunthu, iwe Lusiya ukundithandiza kutola timitengo, ukuimba. Mumtima ndinkati kapena alendowo ndi anthu aukhondo kwambiri, safuna kuponda zinyalala. Ndinapereka besenilo kwa a Banda ndi manja awiri.

Ndikubwera ndi tiyi wa teni koloko ndinapeza bhaki ili padzenje, Mashesha atanyonyomala m'mphepete, a Banda ali pansi. Anali atasakaniza utuchi wanga ndi oyilo wolimba m'chitini, akutakasa ndi sikuludiraiva, chasanduka phala lakuda. Kenako anatenga kapaipi, mbali ina m'kabowo ka bokosi lija, n'kuyamba kukankhiramo phalalo.

"Faka, mdala," ankatero Mashesha. "Faka zonke."

Thirani lonse. Ndipo anathira lonse. Ndinaima ndi thireyi m'manja. A Banda anandiona, ndikudziwa kuti anandiona, koma maso anawabweza kuchitini.

Masana alendo anabwera, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa magalasi. A Dube anawakweza, kuika fowilo, kuzungulira nawo pamulu wa mchenga kuseri kwa mpanda. Ine ndinaima pawaya, khutu ndatchera. Zii. Galimoto inkangoti fuu ngati yochokera m'sitolo dzulo. Mayi wa magalasi anatsika akumwetulira, anagwirana chanza ndi Mashesha, ndipo pochoka anakusisita kumutu iwe Lusiya n'kunena kuti mwana wokongola.

Poweruka ndinawadikira a Banda kunja kwa geti.

"Abambo, mwathira chiyani m'bokosi muja?"

"Mankhwala a chifuwa, Naphiri." Anayesa kuseka, sizinatheke.

"Mano aja achira?"

Tikuyenda anati, "Utuchi umatseka mipata, phokoso limaleka. Mano akudyanabe. Kungoti tsopano akudyana chamumtima."

"Ndiye lili bwino kapena laipiratu?"

"Oyilo sayendanso bwino. Lizitentha."

"Munati bola likulira. Munatero inuyo, m'dzenje muja. Tsopano ndidziwa bwanji pamene lafika?"

"Sudziwa."

Ana anga, sindinayambe ndakwezerapo mawu munthu wamkulu, koma tsiku limenelo pamsewu wa ku Kelvin, anthu oweruka akudutsa panjinga, ndinakuwa. Ndinati inu mkulu wa mpingo, inu amene munamunyamula Tamara pa ubatizo, mwandisefetsa ndi manja anga, mwamutoletsa timitengo mwana wanga, kuti mutseke pakamwa chinthu chokhacho chimene chimandichenjeza! Iwo anaima, chipewa m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chatsala chaka chimodzi kuti ndipume. Chitupa changa chili ndi chilembo chofanana ndi chako. Ndikakana, ukufuna ndikalowere kuti ndi imvi izi?" Koma sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndipo ndinganame nditati ndinamaliza kuwakhululukira asanamwalire.

Lolemba lotsatira, njira ya ku Tsholotsho

Loweruka ndi Lamulungu ndinazungulira Iminyela ndi Mpopoma kufuna wokusungani. Mayi woyandikana nafe anati madzi a ana ake omwe akuchita kuyeza ndi kapu, awiri ena awamwetsa chiyani. Amayi abusa anali ndi odwala m'nyumba. Msuweni wanga wa ku Mpopoma anavomera Lusiya yekha, kenako mwamuna wake atabwera anakana. Sindikuwadandaula, chinali chaka choipa. Ndinaganiza zosapita, koma kusapita kunali kutaya ntchito, ndipo kutaya ntchito ndi chitupa changa chija kunali kukugonekani ndi njala. Ndinadziuza kuti patala fowilo saika, mwina mchenga ukhala wochepa, mwina a Banda anakuza nkhani. Munthu wamantha amadzinamiza bwino kwambiri.

Titafika pageti m'mawa lole yonyamula makina obowolera inali ikunyamuka. Iyo inkadzera njira yaitali ya kumlatho chifukwa siikanatha kuwoloka mtsinje pamchenga. Ndinayang'ana kutsogolo kwa loleyo ndipo ndinaona a Banda atapanikizana ndi amuna ena awiri, bokosi la masipanala lili pamiyendo. A Banda, amene maulendo onse akamapita kukampu ankakwera bhaki, ankati lole imawapweteka msana. Ndinathamanga ndi Lusiya padzanja, ndinati abambo mutengeni uyu yekha, akhale pamiyendo panu. Mashesha anafuula ali pakhomo la ofesi kuti pamsewu pali apolisi, mwana m'lole ya makina ndi mlandu. Lole inatuluka, a Banda ali momwemo.

Tsiku limenelo Mashesha anakwera nafe, kutsogolo ndi a Dube, chifukwa ankafuna kukaonekera kwa aphunzitsi aakulu a sukulu imene tinkakakumbako mjigo. Kumbuyo tinali ine, inu awiri, amuna awiri, migolo itatu ndi zitsulo zoboolera zisanu ndi chimodzi. Tala inatha, tinalowa msewu wa miyala, tinadutsa kasitolo kena pamene pamaima basi, kenako tinakhotera kanjira ka ngolo pakati pa mitengo youma. Cha m'ma leveni tinafika pamwamba pa gombe la mtsinje. Madzi munalibe, mchenga wokhawokha woyera kuti mbee, koma potsikira pake panali potsetsereka kwambiri, pokumbika ndi ngolo, ndipo kutsidya kunali chikweza chimodzimodzi. A Dube anaimika, kutsika kukapotokola timakiyi tija.

Injini itachepetsa mawu ndinamva fungo. Fungo la thabwa likamapsa ndi sowo yobuntha, lomwe lija ndinkalimva kwa akalipentala, koma likuchokera pansi pathu. Ndinaika chikhatho pachitsulo chimene tinakhalira, ndinachichotsa msanga. Ndinasuzumira m'mbali ndipo pamchenga panali patadontha madontho akuda, olimba, atatu, lachinayi likulendewera. Ndinayang'ana potsetsereka paja, ndinayang'ana zitsulo zija zili chogona, nsonga zake zaloza pomwe munakhala inu, ndinayang'ana chingwe changa choyanikira zovala chimene ndimati chigwira migolo itatu ya dizilo, ndipo sindikumbuka kuti ndinaganiza, ndimangokumbuka kuti ndinali pansi, Tamara kumsana, manja m'mwamba ndikukutsitsa iwe Lusiya.

"MaPhiri, ukupita kuthengo? Fulumira," anatero a Dube.

"Sindikwera. Bokosi likupsa. Nunkhizani nokha."

A Dube ananunkhiza, ndinawaona mphuno ikugwedezeka, koma chitseko chinali chitatseguka kale, Mashesha watuluka.

"Yini futhi? N'chiyaninso? Injiniya wayambanso? Mwezi watha umati ikulira, lero yaleka kulira, ukufuna chiyani, iimbe nyimbo ya mpingo?"

"Yaleka chifukwa munathira utuchi. Ndinasefa ndine."

Amuna a kumbuyo aja anasiya kuseka. Mmodzi anasuntha phazi kulichotsa pafupi ndi zitsulo. Nkhope ya Mashesha inasintha.

"Thula! Khwela!" Ndiye kuti khala chete, kwera.

"Tsitsani zitsulo ndi migolo, muwolotse galimoto yokha. Kapena ife tiwoloke wapansi, mutipeze kutsidya."

"Kutsidya mchenga ndi maola awiri, fowilo yokhayokha. Uyenda wapansi mpaka kusukulu? Ndilibe nthawi ya misala. Ndiwerenga katatu. Ukapanda kukwera, usadzapondenso pa geti langa, ndipo ndi chitupa chakocho uona amene adzakulembe."

Tamara anadzuka n'kuyamba kulira. Iwe unandikoka nsalu n'kunena kuti amama tikwere, kukutentha. Mashesha anawerenga, mochedwa, akundiyang'ana m'maso. Ndinkaona nyumba ya ku Iminyela yopanda ufa, ndinkaona mageti onse aja amene anandibwezera chitupa. Koma ndikatembenuka ndinkaona potsetsereka paja. Atafika pa chitatu ndinati, "Mukhoza kuwerenga mpaka dzuwa lilowe, bwana. Ana anga si simenti." Anaponya chikwama chathu pamchenga. Mmodzi wa amuna aja, mosayang'ana aliyense, anatsitsa chigubu cha madzi n'kuchiika pambali pa chikwamacho.

Kuti musavutike kufunsa, bhaki inawoloka. Ndinaima pagombe ndikuiona ikutsika mwakachetechete, kuwoloka, kukwera kutsidya, n'kulowa m'mitengo. Inakafika kusukulu ndipo inabwerako. Sindikulemba nkhani ya ngozi ayi, ndipo kwa zaka zambiri zimenezi zinkandiwawa, chifukwa anthu ankati mwaona, anataya ntchito chifukwa cha mantha achabe. Kalata imene anandipatsa inati ndinathawa ntchito ndili pantchito, ndipo inanditsekera makomo miyezi isanu ndi itatu, mpaka ndinapeza yochapa m'nyumba yogona ana asukulu, kumene ndapumira. Bhakiyo sanaikonze. Isanafike Khirisimasi anaigulitsa ikadali chete kwa bambo wina wa kumudzi amene ankanyamula anthu pa matola. Sindidziwa kuti ana a yani anakhala pachitsulo chija pambuyo panu, ndipo mayi wawo analibe ngakhale phokoso loti limuuze. Chimenechi ndiye chimandiutsa mkwiyo mpaka lero ndi imvi zangazi.

Fumbi litatha tinatsala atatu, ndi nyenje zikulira m'mitengo. Ndinawerengera kuti kasitolo kaja tikhoza kukafika dzuwa lisanapendeke kwambiri tikayenda osapuma nthawi yaitali. Ndinakumwetsani madzi pa chivindikiro cha chigubu, aliyense kawiri, ine ndinangonyowetsa milomo. Titayenda pang'ono unayamba kudumphadumpha ukulira, Lusiya, ndipo ndi pamene ndinaona kuti masilipasi ako anapita ndi bhaki, unawavula uli pamatumba. Mchenga unali ngati chiwaya. Kukunyamula sindikanatha, kumsana kuli Tamara, kumutu chikwama, kudzanja chigubu. Ndinakukhazika pachitsa, ndinavula epuloni ya kampani, ya buluu, dzina lawo litasokedwa pachifuwa, ndinailuma m'mphepete n'kuing'amba pakati. Ndinakulunga phazi lako lamanja, kumanga mfundo pakakolo, kukulunga lamanzere, kumanganso. Unaimirira, unaponda kamodzi, kawiri, unandiyang'ana.

"Amama, abwana akakwiya ndi epuloni yawo."

"Akwiye," ndinatero. "Gwira nsalu yanga apa, usasiye. Tiye."